Mazira Asanu ndi Anayi M'chipinda Choyezera Maso

Ntchito yanga ndi yodula magalasi a mandala. Adokotala a maso amayeza munthu m'kachipinda ka mkati n'kulemba manambala pakapepala, ine n'kutenga kapepalako kupita nako kuseri kumene kuli makina anga. Ndagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, moti galasi ndikangolisisita ndi chala ndimadziwa mphamvu yake ndisanaliike poyezera. Ndimanyada nazo, ndipo amene amati ndimadzimva sanama kwenikweni. N'chifukwa chake nkhani ya mazira a Ababa itafika povuta ndinalankhula osaganiza kawiri. Ndinati abwere nawo ku shopu, za kuwala ndi magalasi ndi zanga.

Mazirawo anali a nkhuku za Amayi. Amayi anali atatisiya miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo anasiya khola la nkhuku zakuda za khosi lofiira, mtundu umene anausunga kuyambira ine ndili pasukulu. Zinkaikira mazira a chigoba chodera kwambiri, ngati dothi lonyowa. Maliro atangotha chitopa chinalowa m'kholamo n'kusesa, kusiya thadzi limodzi ndi tambala. Tambalayo anatsatira anzake thadzi lili mkati moikira. Thadzilo linakwanitsa mazira asanu ndi anayi, linangowakhalira tsiku limodzi, galu wa kuseri kwa mpanda n'kulipeza.

Ababa moyo wawo wonse ankadana nazo nkhukuzo, ati zimaipitsa khonde. Chimwalirireni Amayi ankangogona moyang'ana kukhoma, ndevu osameta, chakudya n'kumangochitosa ndi supuni. Koma tsiku limene thadzi linafa anadzuka, anatolera mazirawo m'chipewa chawo, n'kuimbira foni mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amene amakonza mafoni ndi mawailesi. Tonse timawatchula kuti a Fyuzi, chifukwa chilichonse chikawonongeka, ngakhale mpando, amayamba ndi kunena kuti mwina ndi fyuzi. A Fyuzi anakhoma bokosi la matabwa, anaikamo babu lotenthetsa ndi kambale ka madzi. Kuyambira tsiku limenelo Ababa anali ndi chodzukira. Dzira lililonse analilemba kamtanda ka pensulo mbali imodzi, ndipo katatu pa tsiku ankawatembenuza onse. Anameta ndevu. Anayamba kudya ndi kutikalipira ngati kale, ife n'kumasangalala kukalipiridwa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu magetsi anazima m'mawa, Ababa ali pamzere kuchipatala kudikira mankhwala awo a mtima. Pobwera anapeza bokosi lili zii. Magetsi anayaka mawa lake. Sanasiye kutembenuza mazirawo, koma ndevu zinayambanso kumera, ndipo nditapita kukawaona anandilankhula osandiyang'ana.

"Ngati afa undiuze. Sindingamatembenuze mitembo katatu pa tsiku."

Ndinadziwa kuti akangosiya kutembenuza mazira abwerera kukhoma kuja, ndipo ulendo uno sitidzawachotsako. A Fyuzi anandinong'oneza kuti tsiku loswa likakwana tingogula anapiye akuda, tiwaponye m'bokosimo mdala ali kubafa. Ndinawauza kuti Ababa ndi okalamba koma si opusa, ndipo kuti akabwerezanso ndikawanenera kwa akazi awo.

Kudziwa ngati dzira lili ndi moyo sikovuta. Umaliunika mumdima, kuwala kumalowa, iwe n'kuona za mkati. Ndili mwana ndinkawagwirira Amayi tochi akamaunika mazira oyera a nkhuku zina, choncho zizindikiro ndinkazidziwa. Koma awa oderawa ngakhale Amayi ankangowasiyira thadzi. Tinayesa ndi tochi ya foni titafunda bulangete, dzira linangokhala bii, kuwala kukutayikira m'mbali. Ndi pamenepo ndinatsegula pakamwa panga n'kulonjeza.

Loweruka timatseka shopu dzuwa lili paliwombo. Adokotala atapita ndinatsitsa chitseko chachitsulo theka n'kudikira. Anafika pa takisi, Ababa atafungatira kadengu pachifuwa, mazira ali m'mathawulo awiri pamodzi ndi botolo la madzi ofunda. Linali tsiku lakhumi ndi chimodzi. Ndinawalowetsa m'chipinda choyezera maso, chifukwa mulibe windo ndipo ukatseka chitseko mumada ngati m'thumba. Muli mpando waukulu wokwezedwa ndi phazi, chipepala cha zilembo pakhoma, ndi sutikesi ya thabwa yodzaza magalasi oyesera, oposa mazana awiri, lililonse m'mphete yake ya kachigwiriro. A mphete yakuda ndi a pulasi, otukuka pakati, osonkhanitsa kuwala. A mphete yofiira ndi a mayinasi, opyapyala pakati, omwaza.

A Fyuzi anatulutsa chinthu chawo m'thumba. Kanali kababu ka LED kamene anakachotsa m'nyali ya galimoto yogundidwa, kachikasu, ka ngodya zinayi, kochepa ngati njere ya mpunga yoduka pakati. Anakamanga pa chidutswa cha chitsulo cha mano ngati chipeso, mawaya awiri akupita ku mabatire.

"Alamu," ndinatero, "mwamunyamula mdala ulendo wonsewu chifukwa cha nsabwe?"

"Zimitsani getsi, alamu, kenaka muipepese nsabweyo."

Ndinazimitsa, iwo n'kugunditsa waya. Chipinda chonse chinayera, denga, pansi, zilembo za pakhoma mpaka ting'onoting'ono ta m'munsi tomwe anthu amangolotera. Zithunzithunzi zathu zinakwera makoma. Ndinalakwitsa kukayang'ana kababuko, ndipo kwa kanthawi kulikonse kumene ndinkaponya maso kunali kadontho kobiriwira.

Ababa anatenga dzira loyamba kuti aligunditse pomwepo, a Fyuzi n'kuwagwira dzanja.

"Ayi, ababa, pamenepo mulikazinga. Kamatentha ngati ayironi. Dziralo likhale kutali, zala zinayi kapena kuposa."

Pa zala zinayi kuwala kunali kutabalalika kale. Zala za Ababa zinafiira m'mbali, dzira lili bii ngati kunyumba. Vuto linali lomveka bwino tsopano. Kuwala kunalipo kokwanira msika wonse, koma kunafunika kukunyamula kuchokera pa kababu, kukudutsitsa zala zinayi zija osataya, n'kukakuthira pamalo amodzi ochepa pa chigoba. Imeneyo ndi ntchito ya galasi, ndipo magalasi ndi ine. Ndinatsegula sutikesi ngati mwini mudzi.

"Taima," anatero Ababa. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa mandala a Amayi. Sindinkadziwa kuti amayenda nawo. Magalasi ake ndinadula ndine, zaka zitatu zapitazo.

"Ababa, amenewa ndi a mayinasi. Amamwaza kuwala, sasonkhanitsa."

"Tangoyesa."

Ndinayesa. Kuwala kumene kunadutsa m'mandalamo kunafika pakhoma kutazilala, kutatambasuka kuposa poyamba. Ababa anayang'ana kanthawi, kenaka anaseka pang'ono kudzera m'mphuno.

"Ankatero mwini wake. Chakudya cha nkhuku kumwaza, nkhani za anthu kumwaza." Anapinda mandalawo n'kuwabwezera m'thumba. "Chita zako."

Ndinachita zanga, ndipo zanga ndi za maso. Ndinakhazika kababuko pa tebulo la adokotala, n'kuyamba kusintha magalasi patsogolo pake monga timachitira ndi munthu wodzayezetsa, kuyambira ofooka kukwera pang'onopang'ono. Pulasi firii, palibe. Pulasi sikisi, palibe. A Fyuzi anayamba kuyankha m'malo mwa kababuko ndi mawu a nkhalamba, "Apa pali bwinoko, adokotala, koma bwezani loyamba lija." Ndinawaponda phazi. Ndinatenga pulasi teni, n'kumalisendeza kutali ndi kababu pang'onopang'ono, ndipo litafika mtunda wa chikhatho chimodzi china chake chinaima pakhoma, pambali pa chipepala cha zilembo.

Chinali chithunzi cha kababuko, chachikulu ngati dzanja langa. Ngodya zinayi zakuthwa, mkati muli timizere toongoka ngati munda wolimidwa bwino, ndipo m'mbali timawaya tiwiri topyapyala kuposa tsitsi titapindika mofanana. Nsabwe ija inali ndi nkhope, ndipo wina wake kwinakwake anaikonza mosamala chotero podziwa kuti palibe adzaione. A Fyuzi anasiya nthabwala. Anayandikira khoma n'kuligwira ndi chala, chithunzicho n'kukwera pa chikhadabo chawo.

"Ndawotcherera timeneti mazanamazana," anatero. "Sindinkadziwa kuti mkati muli chonchi."

Zinali zokongola, koma sizinatithandize. Tinaika dzira m'njira ya kuwalako, linangofiirira pang'ono m'mphepete. Ndinatenga pulasi twente, galasi lamphamvu kuposa onse m'sutikesimo, n'kuliika pa zala zitatu. Dzira linasanduka chifunga chodera, chopanda chooneka. Ndinasendeza kutsogolo, ndinabweza, ndinapukuta galasi, ndinati mabatire afooka. A Fyuzi anatsegula pakamwa.

"Mukangotchula fyuzi ndikutulutsani panja," ndinatero.

Ababa anagunditsa dzira pamlomo pawo kuti amve kutentha kwake, kenaka anagwira botolo lija. Tinali titatha pafupifupi ola, ndipo botolo linali likuzizira. Ngati munali chamoyo m'mathawulomo, chinali chitapirira kale kuzizira kwa tsiku lathunthu, ndipo tsopano ine ndinali kuchibwezera komweko chifukwa cha matama anga. Magalasi mazana awiri anali mbwee patsogolo panga, mutu wanga utaima.

Ababa anali atakhala pa mpando wa odwala, mutu utatsamira, akuyang'ana kudenga.

"Nanga kuwala konseku kuli kudengaku n'kwa ndani?"

"Kumeneko n'kotayika, Ababa."

"Ndiye kotayika kwachuluka kuposa kogwidwa." Anatsitsa maso n'kundiyang'ana. "Amayi ako tsiku la katemera sankatsegula khola n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku pabwalo ngati mmene ukuchitira iwemu. Ankakhala pakhomo penipeni pa khola, mwendo uku mwendo uku, iliyonse yotuluka n'kugwera m'manja mwawo."

Manyazi anandigwira kaye, nzeru n'kubwera pambuyo. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito ndi kuwala kochokera kutali, kwa chikwangwani, kwa nkhope ya munthu kutsidya kwa msewu, kofika kutafola kale pamzere. Galasi limangokudikira n'kukupinda pang'ono. Koma kuwala kwa kababuka kumathawira mbali zonse kukangobadwa. Galasi langa, lili pa zala zitatu, linkangogwira kochepa kamene kalunjika kwa ilo, kwina konse kukudutsa m'mbali. Panafunika galasi loti likhale pakhomo penipeni, lalikulu mokwanira kutseka khomolo, komanso lonenepa kwambiri kuti lithe kupinda kuwala kuchokera pafupi chotero. M'sutikesi munalibe lotero, chifukwa palibe munthu amavala galasi lotero pamphuno.

Koma m'chipindamo linalimo. Mu dirowa ya adokotala muli kabokosi kozungulira, ndipo mkati mwake muli galasi limene amaonera kuseri kwa diso la munthu, lotukuka mbali zonse ziwiri ngati diso la ng'ombe. Zaka zonsezi sanandilole ngakhale kulipukuta. Ndinasamba m'manja ndi sopo, ndinalitulutsa, n'kuligwira m'mphete yake ndi manja awiri. Ndinaliyandikitsa kwa kababu, zala zitatu, ziwiri, chimodzi.

Denga linazilala ngati wina walipukuta. Zilembo za pakhoma zinabwerera mumdima. Kuwala kumene kunali ponseponse kunasonkhana n'kukhala ndodo imodzi yoongoka, yochokera m'manja mwanga kukafika kukhoma, fumbi likusambira mkati mwake. Ndinkasuntha galasi pang'ono, ndodoyo n'kusuntha nane. Ndadula magalasi zikwizikwi, koma nthawi zonse ntchito yake inkachitikira m'maso mwa anthu ena, ine n'kumangomva kuti zikomo. Tsiku limenelo ndinaiona ndi maso anga.

"Alamu, musapume," anatero a Fyuzi. "Khalani choncho."

Patsogolo pake tinaika pulasi twente lija. Ilo linalandira ndodoyo n'kuisongola, kuwala konse n'kukumana pa zala zitatu, pa kamalo kochepa ngati batani la malaya. A Fyuzi anathamangira kuchimbudzi n'kubwera ndi kachikatoni kozungulira ka mkati mwa pepala. Galasi la adokotala, lija sindiloledwa kulipukuta, tinalilowetsa m'kachikatoni ka kuchimbudzi n'kulimanga ndi tepi yakuda. Tinamata mipata yonse mpaka chipinda chinada kotheratu, kupatula pakamwa pa kachikatoniko. Ndinaikapo chikhatho changa. Chinayaka mofiira, mitsempha ikuoneka, koma sichinapse, chinangofunda.

Ababa anakana kuti wina awagwirire. Anatenga dzira loyamba n'kukhazika mbali yake yaikulu pakamwa pa kachikatoni, ndipo chigoba chodera chija, chimene chinatikaniza mlungu wonse, chinagonja. Dzira lonse linayaka ngati khala, lofiira kuyambira pansi mpaka pamwamba, timadontho ta chigoba tikuoneka kamodzikamodzi. Mkati munali mbee. Munkangoyandama chithunzithunzi cha yolk ya dzira, kanthu kachikasu kaja, popanda msempha ngakhale umodzi.

"Limeneli silinayambe n'komwe," ndinatero. "Tambala anali atapita."

Analiika kumanzere, m'kathireyi ka adokotala. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi linali ndi mzere wofiira wopyapyala wozungulira mkati mwa chigoba, ngati wojambula ndi cholembera. Mzerewo ndinkaudziwa. Ndi magazi a kamwana kamene kanayamba n'kulekeza. Ndinawauza, chifukwa anali atandipempha kuti ndiwauze.

"Ndi tsiku la magetsi lija?"

"Mwina, Ababa."

"Pitiriza."

Lachisanu linali ndi mzere womwewo. Lachisanu ndi chimodzi munali kachibuma kakuda komatirira pa chigoba, kosasuntha ngakhale alitembenuze. Onsewo Ababa ankawaika m'kathireyi mofatsa, ngati angamve kuwawa. M'dengu munatsala atatu. Ine amene ndinakalipira a Fyuzi za anapiye ogula ndinayamba kukonza bodza langa mumtima. Ndinaganiza zoti lotsatira, kaya muli chiyani, ndinena kuti silikuoneka bwino, tidikire masiku ena. Ndinkangofuna kuwagulira bambo anga mlungu umodzi wodzuka m'mawa.

Awiri omaliza tinadzawaunika tsiku lina. Limene ndimakumbukira ndi lachisanu ndi chiwiri.

Linachedwa kuyaka, chifukwa mkati munali zinthu. Kumwamba kunali kampata koyera ka mpweya, m'mphepete mwake mosalala ngati modula ndi lumo. Kuchokera pamenepo mitsempha yofiira inatsika ndi chigoba chonse, waukulu kugawika pawiri, iwiriyo kugawikanso, mpaka timitsempha topyapyala tosawerengeka, tonse todzaza magazi. Pakati panali chithunzithunzi chopindika ngati nyemba, chili ndi kadontho kakuda bii kumutu. Linali diso. Ndaona maso ambiri m'chipinda chimenecho, a makanda ndi a nkhalamba, koma loyang'ana kuchokera m'dzira ndinali ndisanalione.

Kenaka chinasuntha. Chinadzikoka ngati munthu wotembenuka m'tulo, chinamira mkati mofiiramo n'kusowa, kenaka chinayandamanso chapambali, kamwendo kochepa ngati ulusi kakupalasa.

Ndinachita mantha, ndipo sindichita manyazi kunena. Anali mantha ngati a munthu amene watsegula chitseko osagogoda n'kupeza mwini chipinda ali mkati. Kanthu aka sikankadziwa za chitopa, za galu, za magetsi, kapena za mayi amene anasunga agogo ake zaka makumi atatu. Kanazizidwa tsiku lathunthu mumdima, kokha, n'kupitiriza kuluka mitsempha yake. Ife atatu ndi magalasi athu ndi mabatire athu sitinaikemo kalikonse m'dziramo. Tinangololedwa kusuzumira.

"Wamuona?" Ababa anafunsa monong'ona.

"Ndamuona, Ababa."

"Si dzanja langa likunjenjemera?"

"Dzanja lanu likunjenjemera, koma nayenso akuyenda."

Kumbuyo kwanga a Fyuzi anafwenthera mwamphamvu n'kunena kuti m'chipindamo muli fumbi. Kuwala kofiira kochokera m'dziramo kunali pankhope ya Ababa, pa ndevu zoyera za masiku atatu, pa maso otseguka ngati a mwana. Kanthu kaja kanafika pomwe kuwala kunkalowera, kanagwedezeka, n'kuthawiranso mkati.

"Zimitsa," anatero Ababa. "Ukumuthobwa m'maso mwanayu."

A Fyuzi anachotsa waya, mdima n'kutigwera. Mumdimamo ndinamva batani la malaya a Ababa likumasulidwa, kenaka lina, dzira likulowa pachifuwa pawo, kenaka mpando waukulu uja ukulira munthu akudzuka.

"Apongozi," anatero Ababa kwa a Fyuzi, ndi mawu awo akale aja olamula, "kaitaneni takisi. Ndipo mukamuuze dalaivala aziona maenje. Tanyamula munthu."